Tsiku Limene Kayal Sanaime

1. Njinga yopanda magalasi

Loweruka limenelo Kayalvizhi anafika pa galaja ya malume ake dzuwa lisanayambe kuwotcha. Kwawo ku Coimbatore anthu ankangomuitana kuti Kayal. Anali mtsikana wa zaka khumi, zisanu ndi zinayi, ndipo ankaphunzira zamagetsi pa sukulu ya ntchito zamanja. Njinga yamoto anali ataiyendetsa chaka chathunthu, popita kusukulu ndi pobwera, koma pa bwalo lothamangitsirapo njinga anali asanapondepo phazi.

Anawapeza malume akewo, a Nachimuthu, atagwada pambali pa njinga yake. Magalasi onse awiri oonera kumbuyo anali atawamasula kale, ndipo tsopano ankamata selotepi pa nyali yakutsogolo. Kayal anafunsa kuti njingayo yalakwanji kuti aichititse khungu chonchi. Malumewo anayankha osadzutsa mutu kuti munthu akagwa galasi limasweka n'kumwazika mumsewu, ndiye limaboola matayala a anzake. Za magalasi oonera kumbuyo anati kubwalo safunika, chifukwa kumeneko amene ali kumbuyo ndiye amayenera kusamala mnzake wakutsogolo.

Mlongo wake wa Kayal, Arivu, anafika mochedwa monga mwa masiku onse. Njinga yake inkamveka mwini wake asanaoneke. Anali wamkulu kwa Kayal ndi zaka zitatu, ankagulitsa mafoni m'sitolo ina m'tauni, ndipo anyamata a m'dera lawo ankamutama kuti palibe womupitirira pa msewu waukulu wolambalala mzinda. Kutamako n'kumene kunkawasowetsa mtendere a Nachimuthu. Ulendo wa tsikuli anaukonzera Arivuyo. Kayal anangochita kupempha kuti apite nawo, ndipo anapempha masabata atatu mpaka malume anatopa naye.

Arivu anakana kuti magalasi ake achotsedwe. Anati akufuna aziona nkhope za anthu amene wawasiya kumbuyo. A Nachimuthu anapukuta manja pa kansanza, nakhala pa tayala lakale, n'kuwauza onse awiri kuti ayandikire.

"Mverani kuno, ana a mlongo wanga. Ine njinga zamoto ndazikonza zaka makumi atatu. Zambiri zimabwera pano zikuyenda zokha, koma zina zimabwera pa lole zitapindika ngati waya, ndipo eni ake sabwera kudzazitenga. Amabwera ndi bambo ake kapena mkazi wake, kudzafunsa ngati patsala chitsulo chothandiza. Sindikukuletsani liwiro. Ndikanakhala wodana ndi liwiro sindikanakutengerani kumene tikupitaku. Koma pamsewu waukulu pali malole, pali ng'ombe, pali mwana wothamangira mpira. Kubwalo kulibe zimenezo. Kumeneko chimene chingakuvulazeni ndi kuganiza kuti mukudziwa kale. Akakuuzani chinthu chitani, ngakhale chikuoneka chopusa. Ngati mukufuna kutsutsa, mudzatsutse madzulo tikubwerera, ndidzakumverani."

Arivu anaseka, nati malume akanakhala mphunzitsi ana onse akanamagona m'kalasi. Komabe anatenga sipanala n'kumasula yekha magalasi ake. Anakweza njinga ziwirizo pa kalole kamene malume anabwereka kwa mnzawo, nadya idli wotentha, timikate ta mpunga, choimirira pa kasitolo kapafupi, kenako ananyamuka.

2. Lamulo lovuta

Bwalolo linali kunja kwa mzinda. Unali msewu wa phula wozungulira, wa makilomita awiri ndi pang'ono, wokhotakhota, wopanda nyumba kapena mtengo m'mphepete. Pafupi ndi poyambira panali mashedi ataliatali oimikamo njinga.

Okwera anawagawa magulu atatu: oyamba kumene, ozolowerako pang'ono ndi akatswiri. Kayal ndi Arivu anawamatira kapepala kobiriwira pa njinga, kusonyeza kuti ndi oyamba kumene. Arivu anadandaula kuti iye wakhala pa njinga zaka zisanu ndi chimodzi. Wolemba mayina anamufunsa kuti pa zaka zonsezo, pabwalo wazungulirapo kangati. Kapepala kobiriwira kanakhala pomwepo.

Munthu wina anayesa mabuleki, nagwedeza tcheni, nayang'ana matayala ndi kuphwetsako mpweya pang'ono. Kenako anawabwereka zovala zachikopa zobisa thupi lonse, magolovesi ndi nsapato zazitali. Chovala cha Kayal chinali cholemera, chonunkha thukuta la anthu ena, ndipo miyendo yake inali yaitali. Arivu atamuona anati akufanana ndi thumba la mpunga limene laphuka miyendo. Kayal anamuyankha kuti thumba la mpunga ndi labwino, anthu amalisamala, kusiyana ndi tambala amene amangolira.

Mphunzitsi wa gulu lawo anali Mayi Sornam, mayi wamfupi wa imvi, amene anathamangitsa njinga m'mipikisano zaka makumi awiri. Anawakhazika pa mabenchi, anthu khumi ndi anayi, nawaonetsa mbendera imodziimodzi. Yachikasu inkatanthauza kuti kutsogolo kuli ngozi, chepetsani liwiro ndipo musapitirirane. Yofiira inkatanthauza kuti aliyense abwerere kumashedi pang'onopang'ono. Yakuda inkaloza munthu mmodzi, wolakwa, kuti atuluke akamve mlandu wake. Anawauzanso kuti gulu lobiriwira limapitirirana powongoka pokha, pokhota ayi.

Kenako anaika mbendera pansi, nawayang'ana mmodzimmodzi.

"Tsopano pali lamulo limene mudzadana nalo. Mnzanu akagwa patsogolo panu, musaime. Ndibwereze: musaime. Kaya ndi mnzanu wa paubwana, kaya ndi mwamuna wanu. Kwezani dzanja lamanzere kuti akumbuyo aone, chepetsani liwiro pang'onopang'ono, dutsani, mubwerere kuno. Pa kona iliyonse pali anthu athu a mbendera, ali ndi wailesi, ndipo ambulansi yaima apo, dalaivala ali momwemo. Koma ambulansiyo singalowe mumsewu mpaka njinga zonse zitatuluka. Mukaima mwaichedwetsa. Ndipo si zokhazo. Zaka zapitazo, pa bwalo lina, ndinaona mnyamata wamtima wabwino ataimika njinga kuti adzutse mnzake. Wogwayo anangosupuka chigongono, madzulo ake anakadya kwawo. Woimayo anagundidwa kumsana ndi njinga imene inatulukira pa kona, ndipo mpaka lero amayenda pa mpando wa matayala. Womugundayo sanakwerenso njinga. Mumsewu wa m'tauni munthu wachifundo amaima. Pano munthu wachifundo amapitirira."

Arivu anamugunyuza Kayal ndi chigongono, namunong'oneza kuti asadandaule, akagwa iye adzadutsa ndithu, ndipo adzamubayibitsa.

3. Maso patsogolo

Ulendo woyamba anayenda pamzere kumbuyo kwa Mayi Sornam, osathamanga kwambiri. Ngakhale zinali choncho, Kayal anavutika. Manja anali gwa pa chiwongolero ngati agwidwa ndi dzanzi. Pa kona iliyonse ankayang'ana udzu wa m'mphepete poopa kugweramo, ndipo njinga inkalunjika ku udzu komweko. Kawiri konse tayala linatsala pang'ono kuchoka pa phula.

Malo amene anamuopsa kwambiri anali kona ya Mgwalangwa. Ankaitchula choncho chifukwa cha mtengo umodzi wautali umene unaima patali kuseri kwa mpanda. Msewu unkayamba wakwera kamtunda, ndipo munthu sankaona chimene chili kutsogolo mpaka atafika pamwamba. Akangofika pamwambapo, msewu unkakhotera kumanja nthawi yomweyo. Kamtunda kasanayambe panali chikwangwani choyera, ndipo Mayi Sornam anali atawauza kuti mabuleki amagwirira pamenepo.

Atabwerera kumashedi, Kayal anavula chisoti nkhope ili thukuta lokhalokha. Mayi Sornam anabwera n'kumugwedeza mkono, nati mkono umenewu ndi mtengo, si wa munthu. Anamuuza kuti njinga aziigwira ndi mawondo pa thanki, manja azikhala omasuka. Mabuleki azimaliza kugwira asanayambe kukhota. Ndipo chachikulu, njinga imapita kumene maso akuyang'ana, choncho aziyang'ana kumene akufuna kupita, osati chimene akuchiopa.

Pa benchi yoyandikana panakhala bambo wina wamagalasi, wamimba pang'ono, dzina lake a Devasagayam. Anali dokotala wa mano, ndipo nawonso linali tsiku lawo loyamba. Anamugawira Kayal nthochi, namuuza kuti iwo akhala akuopseza anthu pa mpando wawo zaka makumi awiri, lero ndiye adziwa mmene anthuwo amamvera. Kayal anaseka koyamba chifikireni.

Ulendo wachiwiri anawamasula kuti aliyense ayende liwiro lake. Kayal anapitiriridwa ndi aliyense, ngakhale dokotala wa mano. Koma anayesa zimene anauzidwa. Anakakamiza maso kuchoka pa udzu n'kuwaponya kumene kona ikuthera, ndipo anadabwa kuona njinga ikupendekeka yokha n'kutsata maso ake. Pomaliza ulendowo mapewa anali atasiya kuwawa.

Arivu zake zinayenda mwina. Anathamanga kuposa onse, ndipo atapeza anthu awiri akuchedwa pa kona ina, anawalowerera mkati n'kuwapitirira pomwepo. Mmodzi wa iwo anadzidzimuka mpaka kulowa pa udzu. Mbendera yakuda inatuluka, ndipo Arivu anakhala pa benchi anzake akuzungulira. Mayi Sornam anamuuza kuti dzanja ali nalo labwino, koma akabwerezanso akweza njinga yake pa lole dzuwa likadali pamutu.

Masana anadya mpunga wa chambiko ndi mango owawasa a mu tsabola, atakhala pamthunzi wa kalole. Arivu sanadye bwino. Anati mayi ameneyu akufuna kuti aliyense aziyenda ngati wogulitsa mkaka, ndipo chikwangwani cha pa Mgwalangwa anachiikira anthu amantha. Iye wawerengera bwino, angathe kuchidutsa kaye n'kugwira mabuleki patsogolo.

A Nachimuthu anamuuza kuti chikwangwanicho anachiika anthu amene azungulira pamenepo kambirimbiri, pamene iye wazungulira kakhumi. Arivu anati kakhumi n'kokwanira kwa munthu wa maso. Anavala chisoti nkhani isanathe.

4. Kuseri kwa kamtunda

Ulendo wachitatu unayamba cha m'ma thu koloko. Phula linali litatentha, ndipo matayala ankagwira bwino. Kayal anayamba kumva kukoma. Giya inkalowa pa nthawi yake, mawondo anali pa thanki, ndipo powongoka anapitirira anthu awiri. Atazungulira kachitatu anapitiriranso a Devasagayam. Dokotalayo sanafune kutsala, anamumatirira kumbuyo, ndipo kumbuyo kwawo kunali njinga zina zinayi pamzere.

Akuyandikira kamtunda pozungulira kachisanu, njinga yofiira inamudutsa kumanzere ngati mphepo. Anali Arivu. Anatulutsa phazi limodzi n'kuligwedeza momuseka. Chikwangwani choyera chinafika, Kayal anagwira mabuleki, koma njinga yofiirayo sinachepetse liwiro. Inakwera kamtunda n'kusowa kuseri.

Kayal atafika pamwamba, anaona fumbi. Njinga yofiira inali itagona chammbali, ikuzungulira pa timiyala ta kunja kwa kona. Arivu ankagubuduzika, kenako anaima m'mphepete mwenimweni mwa phula, chafufumimba, nkhope itatembenukira kumsewu. Golovesi imodzi inali itavuka. Sankagwedezeka.

Zala za Kayal zinafinya buleki zokha. Mphuno ya njinga inatsika pansi, ndipo iye anakuwa dzina la mlongo wake m'kati mwa chisoti. Nthawi yomweyo anamva injini kumbuyo kwake, pafupi kwambiri, ngati ili pamsana pake. Magalasi analibe, koma anadziwa kuti anthu asanu akukwera kamtunda, ndipo palibe mmodzi amene akuona chimene chili kuseri.

Anamasula zala pang'onopang'ono. Anakweza dzanja lamanzere m'mwamba, nachotsa maso pa Arivu n'kuwaponya kumene kona ikuthera. Njinga inapendekeka. Anamudutsa mlongo wake pafupi, moti akanatambasula mwendo akanakhudza nsapato yake.

Munthu wa mbendera anali akukupiza kale yachikasu, wailesi ili pakamwa. Pa kona yotsatira panatuluka yofiira. Kuchokera pamenepo kukafika kumashedi panali mtunda wopitirira kilomita imodzi, ndipo Kayal anauyenda pang'onopang'ono monga anauzidwa, dzanja lili m'mwamba, misozi ikutsikira m'chibwano. Sanacheuke. Makona asanu otsalawo anawawerenga mokweza kuti asapenge.

Analowa kumashedi, enawo akumutsata. Njinga yomaliza itangolowa, ambulansi inatuluka.

5. Kumashedi

Kayal anatsika njinga osaiimika bwino, ndipo ikanagwa munthu wina akanapanda kuigwira. Anathamangira ku khoma lotchinga msewu, akufuna kulumpha. A Nachimuthu anamugwira mkono ndi dzanja lawo lolimba la makaniko, namuuza kuti adikire. Nkhope yawo inali itatuwa, koma mawu awo sanagwedere.

Anadikira mphindi zitatu kapena zinayi. Kenako wailesi ya Mayi Sornam inalira. Mayiwo anamvetsera, natembenuka n'kunena kuti mnyamatayo wadzuka, akulankhula, ndipo akufunsa za njinga yake. Miyendo ndi mutu zili bwino, koma fupa la paphewa likuoneka kuti lathyoka. Kayal anakhala pansi pa simenti.

A Devasagayam anabwera atavula magalasi. Anakhala pansi pomwepo pambali pake, ngakhale panali mafuta.

"Mwana wanga, ine ndinali pamsana pako. Nditatulukira pamwamba paja ndinaona tayala lako lili apa, pafupi ngati dzanja langali. Unachepetsa mwadzidzidzi, ine mtima unachoka, ndinadziwa kuti ndakugunda basi. Kenako unamasula n'kukweza dzanja. Ukanaima, ndikanakukankhira pamwamba pa mlongo wako, ndipo anayi aja akanatipeza tonse atatu tili pansi. Ndili ndi ana awiri kunyumba. Sindikudziwa kuti ndinene chiyani."

Kayal ankangoyang'ana kumene ambulansi ikuchokera.

Ambulansi inaima pa chipata kuti wachibale mmodzi akwere. Chitseko chitatsegulidwa, Kayal anaona Arivu atagona pa machira, chovala chachikopa atachidula ndi lumo paphewa, nkhope ili fumbi. Anamuitana kuti achimwene, nafuna kumugwira dzanja. Arivu analibweza.

"Ndinakuona," anatero ndi mawu otsika. "Maso ndinali nditatsegula. Unandiyang'ana, n'kudutsa."

A Nachimuthu anakwera, chitseko chinatsekedwa, ndipo ambulansi inapita.

Kayal anatsala ndi ntchito yokweza njinga. Anthu a pabwalo anabweretsa yofiira ija, chiwongolero chitapindika, thanki itaphwanyika mbali imodzi. Okwera a magulu ena, anthu amene sankawadziwa n'komwe, anamuthandiza kuzimanga pa kalole. Pamene ankabweza chovala chachikopa, Mayi Sornam anamuimitsa.

"Wamva zimene wanena mlongo wako, ndipo zikuwawa, ndikudziwa. Usayembekeze kuti akuthokoza lero. Munthu amene wagona pansi saona za kumbuyo kwa kamtunda, amangoona amene wamudutsa. Ine ndinali ndi wotchi m'manja. Kuchokera pamene anagwa mpaka pamene dokotala wa mu ambulansi anamugwira panapita mphindi zitatu. Zinatheka chifukwa munatuluka nonse msanga, ndipo amene anatsogolera mzerewo ndiwe. Ndaphunzitsa anthu ambiri kukhota. Kukhota aliyense amaphunzira. Chimene wachita iwe lero ena amalephera ngakhale atakwera zaka khumi. Mwezi wamawa tilinso pano. Malo ako alipo, ngati kwanu angakulole."

A Devasagayam anadzipereka kuyendetsa kalole mpaka kuchipatala, nati galimoto yawo adzaitenga mawa.

6. Pakhonde la chipatala

Anafika dzuwa litapendeka. Arivu anali atamujambula kale, ndipo mkono wake wamanja unali womangidwa pachifuwa. Dokotala anati fupa lathyoka pamodzi, lidzalumikizana lokha, koma kwa masabata asanu ndi atatu asagwire chiwongolero.

Kayal analowa m'chipinda atanyamula madzi a kokonati amene anagula pachipata. Arivu anatembenukira kukhoma. Kayal anayesa kumufotokozera za njinga zisanu zimene zinali kumbuyo, ndi zimene ananena dokotala wa mano. Arivu anamudula. Anati ngakhale galu akagundidwa pamsewu, pamapezeka munthu woima. Iye ndi amene anamuphunzitsa Kayal kuyendetsa njinga, akuthamanga pambali pake pa bwalo la sukulu atagwira chishalo, ndipo tsiku limene anagwa pa msika n'kusupuka bondo, ndi iye amene anamubereka mpaka kunyumba.

Zonsezo zinali zoona. Kayal anaika kokonati pa katebulo.

A Nachimuthu, amene anakhala pa mpando pakona, anaimirira.

"Iwe Arivu, phewa likuwawa, ndiye sindilankhula zambiri. Koma usasenzetse mlongo wako katundu wako. Chikwangwani unachiona, ndipo unachidutsa mwadala. Tinakuuza anthu awiri. Wagwa pa timiyala, utavala chikopa, dokotala ali pafupi, n'chifukwa chake uli ndi mphamvu zokwiya. Ukanachita zomwezi pamsewu wako uja, bwenzi pano ndikusankha mawu okawauza amayi ako. Mwanayu analira njira yonse mpaka kumashedi, ndinamuona nkhope atavula chisoti. Kuima kunali kosavuta kwa iye. Ukachira udzaganize bwino."

Arivu sanatembenuke. Anangonena kuti amayi wawauza kale. Anawaimbira pa foni ya malume pamene malumewo anapita kukatenga mankhwala.

A Nachimuthu anafunsa kuti wawauza chiyani. Arivu anati wawauza zimene zinachitika.

Kayal anatuluka kukakhala pa benchi ya pakhonde. Sipanapite nthawi, anamva mapazi amene ankawadziwa. Amayi ake, Mayi Poongodi, ankabwera mofulumira kuchokera ku fakitale ya ulusi kumene ankagwira ntchito, timaulusi ta thonje tikadali m'tsitsi. Sanamupatse moni. Analowa m'chipinda, ndipo Kayal anamva akulira, akufunsa mwana wawo kumene kukuwawa. Anamvanso mawu a malume akuyesa kufotokoza, ndi mawu a amayi akuwauza kuti akhale chete, iwo alankhula nawo pambuyo.

Patapita kanthawi anatuluka, naima patsogolo pa benchi. Kayal anaimirira.

"Kayal, ndikufunsa chinthu chimodzi, undiyankhe mosazungulira. Mlongo wako atagona pansi, iwe unamuona?"

"Ndinamuona, amayi."

"Unaima?"

Pakhomo la chipinda a Nachimuthu anatsegula pakamwa, koma Kayal anawapukusira mutu. Akanatha kunena kuti fumbi linamutchinga, kapena kuti sanamuzindikire, ndipo amayi akanakhulupirira, chifukwa n'zimene ankafuna kumva.

"Sindinaime, amayi. Ndinamudutsa ndikudziwa kuti ndi iyeyo. Ndipo zitachitikanso mawa, ndidzachita chimodzimodzi. Mukandilola ndifotokoza chifukwa chake."

Mayi Poongodi anamuyang'ana ngati akuona mwana wa munthu wina. Kenako anatambasula dzanja.

"Ndipatse kiyi wa njinga. Chifukwa chakecho usunge. Bambo ako ndawaimbira, akwera kale basi ku Salem, ndipo akuti akufuna achimve kuchokera pakamwa pako."

Kayal anatulutsa kiyi m'thumba n'kuwaika m'dzanja. Kenako anakhalanso pa benchi, pafupi ndi khomo la mlongo wake, n'kuyamba kudikira basi ya ku Salem.